Bitiruti Wopanda Mungu

Nabitiruti, momwe ankamutchulira anzake a kuntchito, sankaopa apongozi ake. Chimene chinkamupsetsa mtima n'choti mwamuna wake ankangoti zii pakhomo mkaziyo akamanenedwa kuti ndi chumba, chonsecho zotsatira zakuchipatala ankazidziwa onse awiri. Nabitiruti analonjeza kusunga chinsinsi, ndipo anachisungadi.

Tsiku limenelo apongoziwo anamulondola mpaka m'shedi ya pulasitiki momwe ankaleleramo mbewu, mwana wawo, mwamuna wake uja, ali pambuyo ngati mbuzi yopita kumsika.

"Kunyumba simupezeka, ndiye tabwera konkuno," anatero. "Mwana wanga ndamupezera mkazi wina. Ine zidzukulu ndikuzifuna ndili moyo."

Nabitiruti sanasiye ntchito. Anagwedeza duwa la bitiruti pamwamba pa pepala lakuda, panagwa fumbi lachikasu. Anapita pamzere wina, n'kugwedezanso, pepala lili mbee.

"Nanga ameneyo bwanji?" anafunsa apongozi, poti chidwi anali nacho chochuluka.

"Alibe mungu, amayi. Mbali yachikazi ya duwali ili bwinobwino, yachimuna ndiyo sigwira ntchito. M'maselo muli timatumba topereka mphamvu, timati mitokondiriya, tili ndi DNA yakeyake. Vutolo limakhala mmenemo, ndipo mbewu imatengera timatumbato kwa mayi ake okha."

"Ndiye mumazula?"

"Ayi. Ameneyu ndi amene timamusamala kuposa onse. Mbewu yathu yabwino imachokera pa iyeyu, akalandira mungu wa mzere wina."

Mwamuna uja anayang'ana pepala lopanda kanthulo nthawi yaitali. Nabitiruti anamumvera chisoni, koma sanamuthandize.

"Amayi," anatero mwamunayo, "kuchipatala ndinapita kalekale. Vuto lili ndi ine. Mkazi wangayu wakhala akunditchinjiriza."

Apongozi anakhala pansi, pathumba la feteleza, chikwama chili pachifuwa.

"Ndiye kuti… wazitengera kwa ine?"

Apa mpata wobwezera unalipo, waukulu ndithu, ndipo Nabitiruti anauona. Anapukuta manja pa epuloni, n'kuwatsanulira madzi a m'botolo lake.

"Munthu si bitiruti, amayi. Zimenezo dokotala sananene, ndipo palibe wolakwa. Imwani madzi." Anadikira mpaka atameza. "Koma mkazi mwapeza uja mukamuuze nokha. Ine ndili ndi mizere ina yoti ndigwedeze."