Wogwira Nyali

Tegan Heinrich anali atalephera mayeso kawiri, ndipo Sajeni Varcoe anamuuza mosapsatira mawu kuti akalepheranso Lachinayi achoka m'gulu la asilikali oponya mizinga yogwetsera ndege, azikayendetsa lole ya madzi. Zaka ziwiri zathunthu akuvutikira mpando wa woponya mizinga, mapeto ake n'kumagawira anzake madzi m'chipululu cha Woomera? Akaganiza zimenezi chakudya sichinkalowa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mtsikanayu ankalephera chifukwa chodziwa kuwombera. Anakulira pa famu ya tirigu ndi nkhosa kufupi ndi Cummins, kumene bambo ake anamuphunzitsa kuti bakha akamauluka suloza pamene ali, umaloza kumene akupita kuti chipolopolo chikakumane naye. Dzanja linazolowera, ndipo dzanja likazolowera silimva za m'kalasi.

"Tamvera, Heinrich," anatero Sajeni Lachitatu m'mawa, akugogoda makina oyeserera kuponya mizinga ndi cholembera. "Ilipo mizinga yonunkhiza kutentha kwa injini, ukaiponya ukhoza kupita kukamwa tiyi. Ilipo ina yotsogozedwa ndi rada. Wathuwu ndi nkhosa yeniyeni, umangotsata kuwala kumene iweyo ukulozetsa. Ukaloza kutsogolo kwa ndege, nawonso upita komweko ukaphe mphepo."

"Koma makinawa si amatha kutsata ndege okha, Sajeni?"

"Amatha. Nanga tsiku limene fumbi lidzawasokoneze udzaitana amayi ako? Mayeso ndi apamanja. Khala pansi, tiyambirenso."

Anayambiranso kasanu. Ulendo uliwonse kamtanda kolozera ka m'galasi loyang'aniramo kankakhala bwinobwino pa ndege, koma ndegeyo ikangokhota, chala chake chachikulu chinkakankhira kamtandako kutsogolo chisanamufunse mwini wake.

Masana anakhala pamthunzi wa lole ndi Ioane Faleafa, mnzake wa m'gululo, akudya mapayi, timikate tokhala ndi nyama m'kati, uku akulimbana ndi ntchentche. Ioane anali atakhoza kalekale ndipo pakamwa pake sipankatsekeka.

"Ukamadzabweretsa madzi, anga azikhala ozizira, wamva?"

"Ako ndizidzathiramo mchere," anayankha Tegan. Kenako anausa moyo. "Ukudziwa kuti mfuti ndinachita kuilirira? Nyengo imene nkhosa zikuswa tinkasaka nkhandwe usiku pagalimoto. Achimwene anga awiri mfuti m'manja, ine kumbuyo ndi nyali ngati mtengo wamagetsi. Zaka zisanu ndi chimodzi, aise! Tsiku limene bambo anandipatsa mfuti ndinalumbira kuti sindidzagwiriranso munthu nyali."

Sajeni Varcoe, amene ankaoneka ngati akuwodzera pa bokosi chapomwepo, anatukula chipewa.

"Nyaliyo unkaloza kutsogolo kwa nkhandwe?"

"Ayi ndithu, Sajeni! Mukanamva bambo akukalipa. Nyali ikangochoka pa nkhandwe, basi yapita. Galimoto kaya ikudumpha m'mizere, kaya nkhandwe yakhotera ku mpanda, umayenera kungoimamatira..."

Apo m'pamene anazindikira kuti n'zomwe Sajeni ankamuuza zija.

"Ndiye ine masabata atatu onsewa ndikutherapo mawu chifukwa chiyani?" anatero Sajeni, akubweza chipewa kumaso. "Mlenje ndi mzingawo. Iwe gwira nyali."

Tegan sanasangalale nazo, tisanamizane. Anayenda mtunda wonsewo kuthawa nyali, n'kuipeza itamudikirira pampando umene ankaulakalaka. Anakwiya mpaka payi wake anamupatsa Ioane, amene sanakane.

Lachinayi dzuwa linatuluka ndi ukali. Mayeso anali a panja, pa chida chenicheni koma chopanda mzinga, pakuti mzinga weniweni sapatsa munthu amene sanakhoze. Kandege kopanda munthu kanayenera kudutsa katatu, makina n'kumalemba ngati kuwala kwachoka pa kandegeko. Tegan anakhala pampando, chipumi pa galasi, thukuta likuyenderera m'khosi.

Kandege kanatulukira kumpoto, kakang'ono ngati ntchentche, kakunjenjemera m'chifunga cha kutentha. Ulendo woyamba kanadutsa mowongoka. Wachiwiri kanatsika mpaka kutsala pang'ono kukhudza zitsamba, iye n'kutsika nako. Ulendo wachitatu kanakhota mwadzidzidzi, ndipo anachimva chala chija chikunyamuka kuti chithamangire kutsogolo. Anakumbukira kuzizira kwa chitsulo cha kumbuyo kwa galimoto ndi maso awiri obiriwira a nkhandwe akuthawira ku mpanda. Chala chinabwerera. Anakamamatira kandegeko mpaka kanazimiririka kuseri kwa chitunda.

Sajeni anayang'ana pa makina nthawi yaitali, dala, monga amachitira masajeni onse.

"Lolemba uponya weniweni," anatero. "Tadzuka, mpandowo si wa kwanu."

Tegan anakhalabe pampandopo. Ioane anachita kumukoka, akudandaula kuti tsopano madzi ozizira amupatsa ndani.

Tegan atabwerera ku tauni madzulo, dzuwa lisanalowe, anaimbira foni bambo ake. Anawapeza ali m'khola, nkhosa zikulira kumbuyo.

"Wakhoza? Ndinadziwa ine! Unaloza kutsogolo monga ndinakuphunzitsira?"

"Ayi, bambo. Ndinagwira nyali."



"Pa nyali panalibe wokuposa, mwana wanga," anatero bambo akewo, mawu atatsika. "Achimwene akowo akagwira, tinkabwerako chimanjamanja. N'chifukwa chake ndinkazengereza kukupatsa mfuti. Ndinkayesa ukudziwa."

Tegan anakhala pansi pa sitepe ya sitolo ina, misozi ikutsika, akuseka.

"Mukanandiuza, bambo."

"Ndakuuza lero," anatero mkuluyo. "Lolemba undiimbirenso."