Ming'oma ya Che Jaffalie

Mabel analowa pakhomo akuthamanga, nsapato imodzi ili m'manja, mlomo wam'mwamba utatupa ngati phwetekere.

"Abambo ake Hana, musaseke! Njuchi zatibalalitsa kugule."

A Rowland, mphunzitsi wa pasukulu ina kufupi ndi Malindi, sanaseke. Masana a Loweruka lomwelo anali ataimirira kuseri kwa nyumba, manja ali m'chiuno, akuonerera theka la njuchi za mumng'oma wawo waukulu zikukhuthuka n'kuuluka. Zinadutsa pamunda wa chinangwa kulunjika kubwalo kumene amayi ankayeserera gule wa chipani.

"Zakhala bwanji?" anafunsa ngati munthu wosadziwa kanthu.

"Zinabwera n'kudziunjika panthambi ya mango, zili phee, osavuta munthu. Ndiye mnyamata wina wachipani, pofuna kutionetsa chamuna, wazikwapula ndi ndodo. Ng'oma zatayidwa, mbendera yagwera m'fumbi, mayi Ajira awatengera kuchipatala panjinga maso atatsekeka. A tcheyamani akuti pali munthu wachita kuzituma."

A Rowland anadziwa pamene panalakwika. Sabata yapitayo anatsegula mng'omawo napeza timatumba tolereramo mfumukazi zatsopano, tikulendewera m'mphepete mwa zisa ngati makoko a mtedza. Amene anawaphunzitsa kuweta njuchi, Che Jaffalie kalipentala, anawauza kambirimbiri kuti ukaona zimenezi ugawe mng'omawo tsiku lomwelo, apo ayi mfumukazi yakale imanyamuka ndi theka la banja. Koma mayeso a ana anali pafupi, ndipo mng'oma wopanda kanthu woti agawiremo unalibe chivundikiro. Aphunzitsi anati aona mawa, ndipo mawalo linabala mawa linzake.

Lolemba anthu anaitanidwa kubwalo komweko. A Jailosi, tcheyamani wa nthambi ya chipani, sanali munthu woipa. Anali wogulitsa usipa wouma, wokonda nthabwala. Koma masiku amenewo mbendera kugwera m'fumbi sinali nkhani yoti n'kuseka, ndipo ku boma anali atamva kale. Njuchizo zinafunika kukhala ndi mwini wake. Ming'oma yapafupi ndi bwalolo inali isanu ndi umodzi ya Che Jaffalie.

"Ine tsiku limenelo ndinali ku Namwera kokagula matabwa," anatero Che Jaffalie ataimirira, chisoti chili m'manja. "Pobwera ndayendera ming'oma yanga yonse, ndi yodzaza mpaka pakhomo. Palibe njuchi zachoka. Tiyeni mukaone nokha."

"Tikaone kuti zikatimalize?" anakuwa mayi wina, anthu n'kuseka.

"Mwina zachokera kuphiri," anapitiriza Che Jaffalie. "Ndani akudziwa? Nanga njuchi zili ndi khadi lachipani, a tcheyamani, kuti tizidziwe kwawo?"

Apa palibe anaseka. A Jailosi anayang'ana anyamata achipani amene anakhala pambali pawo, nkhope yawo n'kuuma.

"Che Jaffalie, pakamwa panupo pakupalirani moto. Aphunzitsi, inunso mumaweta zimenezi. Mukutipo bwanji?"

A Rowland anaimirira. Anaganiza za ntchito yawo ya boma, za Hana amene anali atangoyamba kumene sekondale, za aphunzitsi ena amene anatengedwa pa nkhani zochepa kuposa iyi.

"Zanga zili kutali, a tcheyamani."

"Aphunzitsi muwasiye," analowererapo Che Jaffalie. "Ndinawaphunzitsa ndine. Sangalekerere njuchi mpaka kusamuka."

Mawu amenewa anawalasa a Rowland kuposa mbola iliyonse imene inawalumapo. Anakhala pansi maso ali kumapazi. Chigamulo chinali chakuti pofika Lachisanu m'mawa Che Jaffalie atenthe ming'oma yawo yonse ndi manja awo, apo ayi dzina lawo lipita ku boma.

Sabata imeneyo aphunzitsi ankangotola chakudya ngati wodwala malungo. Lachitatu Mabel anawapeza atakhala pachitsa, akuyang'ana mng'oma uja.

"Sukulira ngati kale umenewu," anatero Mabel motsitsa mawu. "Ndimapita pomwepa kokatola nkhuni, makutu ndili nawo."

"Ndi zathu, amake Hana. Ndinaziona zikupita."

Mabel anasisita mlomo wake umene unali utayamba kuphwa.

"Amati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Nanga poti woyatsa ndinu?"

"Ndiye ndipite ndikanene?"

"Mukanena, ntchito yatha, mwana abwerako kusukulu. Ine sindikuuzani kuti pitani. Komanso sindikuuzani kuti mwachita bwino."

Lachinayi madzulo a Rowland anavala jekete n'kuyamba ulendo wa kwa a Jailosi. Anafika mpaka pa mjigo, naima, napereka moni kwa amayi otunga madzi, n'kubwerera kunyumba. Anadziuza kuti mwina a tcheyamani afewa mtima paokha.

Sanafewe. Lachisanu m'mawa fungo la phula ndi uchi wopserera linalowa m'kalasi kudzera pazenera. Ana anayamba kununkhiza n'kumagwedezana. A Rowland anapitiriza kulemba masamu pabolodi, choko chikuthyoka m'manja. Anachita manyazi moti sanathe kutembenuka kuti ayang'ane ana awo omwe.

Patapita sabata, Che Jaffalie anatulukira pakhomo pawo Loweruka masana. Anali ataonda kumaso, koma nthabwala sanazisiye.

"Odi kwa anthu olemera, eni njuchi!"

"Lowani, Che Jaffalie," anayankha a Rowland. "Ndimati ndibwere kwanu. Ming'oma yangayi, mutengepo umodzi."

"Ndikauike kuti? Pamalo panga andiletsa ngakhale ntchentche. Iyayi aphunzitsi, ndangobwera kudzamva kulira kwa njuchi. M'mawa ndikadzuka kunyumba kuli zii, ngati pamaliro. Njuchi zija ndinayamba nazo ana anga asanabadwe." Anapukuta m'maso ndi chikhatho. "Tiyeni tione zanuzi. Maluwa a mango achuluka chaka chino, muyenera kugawa msanga."

A Rowland anasowa chokanira. Anayatsa zitsononkho za chimanga m'chitini kuti afukize utsi, napita limodzi kuseri. Che Jaffalie analunjika pa mng'oma waukulu, umene anaukhoma okha. Anachotsa chivundikiro pang'onopang'ono, nakweza kathabwa koyamba ndi chisa chake, kenako kachiwiri. Njuchi zinali zochepa, zisa zina zili poyera. Pa chisa chachitatu anaima. Kathumba kamodzi ka mfumukazi kanali kotseguka kunsonga bwinobwino, mwini wake atatuluka. Tinzake tinali titabooledwa m'mbali. Anapendeketsa chisacho padzuwa kufunafuna mazira, koma munalibe ngakhale limodzi.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Utsi unkangofuka m'chitini m'manja mwa aphunzitsi.

"Mfumukazi yakale inachoka masabata awiri apitawo," anatero Che Jaffalie, osawayang'ana. "Loweruka lija."

"Che Jaffalie, ine ndinali..."

"Musanene tsopano, aphunzitsi. Masiku onenera analipo, kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi. Ine ndinakuikirani kumbuyo pamaso pa anthu."

"Ndinaopa. Ntchito, mwana kusukulu..."

"Mukanabwera kudzandiuza ine ndekha kuti mukuopa. Mwina ndikanatenthabe, koma ndikanadziwa kuti ndikutenthera mnzanga."

Anabwezera chisacho pamalo pake mosamala, osaphwanya njuchi ngakhale imodzi, nalumikiza timatabwa tonse, navundikira.

"Musatsegulenso kwa masabata awiri. Mfumukazi yatsopanoyi sinayambe kuikira, mukaisokoneza mutaya zonse."

Potuluka anakumana ndi Mabel atanyamula tiyi pathireyi. Anamuthokoza mwaulemu, nati ali ndi ntchito ya chitseko imene ikuwadikira, napita.

M'mawa mwake, asanapite kutchalitchi, a Rowland anakagogoda kwa a Jailosi nawafotokozera zonse. A tcheyamani anamvetsera akuyanika usipa pathandala, kenako anayang'ana uku ndi uku.

"Aphunzitsi, ku boma ndinanena kale kuti nkhani inatha. Mukufuna muidzutsenso kuti atitenge tonse atatu? Ine sindinamve kanthu. Pitani mukapemphere."

A Rowland anabwerera kwawo, ntchito yawo ili bwinobwino, ming'oma yawo ili yonse. Chaka chimenecho njuchi zinaika uchi wambiri. Anatumiza botolo loyamba kwa Che Jaffalie, ndipo linabwerera tsiku lomwelo losatsegula.