Chiwindi cha Nicanor

Achimwene anga aakulu, Eusebio, akalambira m'galaja kuno ku Fresno akupopera penti magalimoto, mphuno ili pamtetete. Chophimba kumphuno ankati n'cha anthu amantha, thina wosungunulira penti ankasamba m'manja ngati madzi. Ndiye maso atachita chikasu, dokotala anati chiwindi chatha. Wachibale awadulireko chidutswa cha chake, apo ayi Khrisimasi sadzaiona.

Mng'ono wawo Nicanor, chitsirizira chathu, anadziguguda pachifuwa. "Ine ndilipo! Mowa sindilawa, fodya sindisuta. Changa chikadali m'pepala."

Ine Amparo, mlongo wawo, palibe anandifunsa. Zinandiwawa, ndisaname. Mowa wa tekila ndimamwa pa ukwati uliwonse, ngakhale wa anthu osawadziwa, ndiye ndinangoti basi, changa achiyesa sanza.

Koma Nicanor ndi uja amatsuka galimoto asanapite nayo kotsukitsa. Anati sangapatse mkulu wake chiwindi chosakonza. Lamlungu anathamangira kumsika kwa mayi Otilia ogulitsa zitsamba.

"Mayi, ndipatseni zoteteza chiwindi."

"Zofatsa kapena zaukali, mwanawe?"

"Zonse."

Anabwera ndi njere za chitsamba chaminga, masamba a boldo, makungwa, ndi makapisozi obiriwira m'botolo lopanda dzina. Mayi Otilia akati kamodzi, iye katatu. Nyumba yake inkanunkha ngati khola la mbuzi mvula itagwa.

"Iwe chitsiru, dokotala wamuuza?" ndinamufunsa.

"Achemwali, izi n'zachilengedwe. Tsamba silipha munthu. Pitani mukamwe tekila wanu uko."

Tsiku loyeza Nicanor komaliza tinapita tonse, achimwene ali pa njinga ya odwala. Dokotala anayang'ana zotsatira za magazi, kenako Nicanor.

"Bambo, nanunso mumapenta magalimoto?"

"Ayi, ndimayendetsa basi ya ana asukulu."

"Nanga chiwindi chatupa n'chiyani?"

Nicanor, monyadira, anakhuthula thumba lake lonse patebulo. Dokotala anatola botolo lopanda dzina lija n'kupukusa mutu.

"Mukasiya izi chichira ndithu. Koma mkulu wanuyu sangadikire mpaka pamenepo."

Nicanor analira ngati mwana. Ine mtima unandiphulika, ndinamutibula ndi chikwama m'mutu, dokotala osandiletsa. Achimwene ankaseka mpaka kutsokomola.

"Ine ndinaononga changa ndi thina, iwe ndi zoteteza. Ee, banja la anzeru ili!"

Ndinapinda mkono wa bulauzi. "Adokotala, tayezani cha chidakwachi."

"Chanu?" anatero Nicanor, mamina ali chuu. "Cha m'maukwati?"

Cha m'maukwaticho ndiye chinapezeka chabwinobwino. Tekila ndinasiya tsiku lomwelo, ana anga ndinakawasiya kwa apongozi.

M'mawa wa opaleshoni Nicanor anatulukira ndi fulasiki ya zitsamba, akuti kuti chiwindi changa chilimbe. Anesi anamuthamangitsa ine ndisanapeze chomugendera. Kenako anayandikiza bedi langa ndi la achimwene pakhonde. Achimwene anandigwira dzanja, penti ikadali m'zikhadabo.

"Amparo, sikuti tinkanyoza tekila wako. Abale ndinawaletsa ndine kukufunsa. Uli ndi ana, ndipo ndinkadziwa kuti uvomera."

Misozi inandilengeza, ndinachita manyazi.

"Khalani chete, achimwene," ndinatero. "Ndangokubwerekani. Mukadzachinunkhitsa thina, ndidzabwera ndi mpeni wa kukhitchini kudzatenga changa."