Mtengo wa Nyumba Yopanda Masitepe

"Ndati musagwire, mami."

"Ndikungoona ngati ndi thabwa lenileni."

"Mukagwira, mtengo sutsika. Si inu nomwe munandiphunzitsa?"

Mayi Keturah anachotsa dzanja pachitseko cha kabati, koma maso anawasiya pomwepo. Atuweni, mwana wawo, anasuzumira pawindo. Hazel, mzimayi wogulitsa nyumbazi, anali akadali panja pa foni, choncho sanaone kanthu.

Linali Loweruka, pa 6 Okutobala 2018, kunja kwa tauni ya Loughborough, ku England. Nyumbayo inali ya mtundu uja amapangira ku fakitale, n'kuibweretsa pa lole ili mapisi awiri, n'kudzailumikiza pamalo. Nyumba umagula, koma dothi limene yakhalapo umalipira lendi mwezi ndi mwezi. Kumudzi anthu akanaseka, poti munthu amayamba wagula malo. Koma nyumbayi inalibe masitepe, ndipo chitseko chake chinali chachikulu.

Bambo Bennet, bambo ake a Atuweni, anali m'chipatala ku Derby mwezi wachiwiri tsopano. Mtima unafooka, miyendo inasiya kumvera. Achipatala ananena mosabisa kuti sangawatulutse kuti abwerere ku nyumba yawo ya lendi ya ku Normanton, mu Derby momwemo, kumene bafa ndi chimbudzi zili m'mwamba, masitepe ake oimirira ngati makwerero, ndipo njinga ya odwala silowa pakhomo. Ku khonsolo anawalemba pamndandanda wa odikira nyumba, wautali woyenera anthu athanzi. Ndiye bambowo anagulitsa puloti yawo ya ku Chigumula, n'kuphatikiza ndi zimene anasunga pa zaka khumi ndi zisanu zonyamula makatoni mu weyahausi. Ndalama zinalipo, ndipo zinali zokwanira.

Hazel analowa akupukuta nsapato pachopondera. Anati mtengo ndi mapaundi 89,000, ndipo poti nyumbayo inali kale pamalo pake, madzi ndi magetsi zolumikizidwa, akapereka dipoziti lero makiyi atenga pakatha masiku khumi.

"Masiku khumi," anatero mayi Keturah m'Chichewa. "Atu, wamva?"

"Ndamva. Musamwetulire."

Atuweni anatembenukira kwa Hazel n'kumuuza m'Chingerezi kuti apereka 80,000. Hazel anaseka kuseka kwaulemu, nati mtengo ndi womwewo, koma akhoza kuwasiyira makatani ndi ketulo.

Atuweni sanali kungoponya nambala. Anaphunzira masamu pa yunivesite ya m'tauni yomweyo, ndipo ankagwira ntchito ku Leicester, ku kampani ya inshuwalansi, yowerengera anthu mitengo. Sudoku, masewera aja odzaza manambala m'mizere, ankalemba ndi bolopeni, poti pensulo ndi ya anthu okayika. Sabata yonse anakhala akufufuza za nyumbayi. Anapeza chithunzi chake pa intaneti, cha Julaye chaka chatha, ili pamalo omwewa ndi chikwangwani chomwechi. Lero anadzionera yekha kuti makatani amene Hazel amafuna kuwapatsa aulere anali atasuluka mbali ya dzuwa. Nyumba yakhala miyezi khumi ndi isanu osagulidwa, dzinja likubwera, ndipo wogulitsa aliyense mwezi ukamatha amakhala ndi bwana womufunsa mafunso. Yankho linali loonekeratu.

Chotsalacho anachiphunzira ali wamng'ono, mumsika wa Limbe, atagwira chitenje cha mayi ake. Mayi Keturah pa kaunjika ankaopedwa. Chinthu akachikonda ankachinyoza, kenako ankatchula mtengo wawo n'kutembenuka, ulendo. Atuweni ankawerenga mapazi chamumtima. Sankafika khumi. "Mayi! Mayi, bwerani, tengani, mwandipha!"

"Tiyeni," anatero Atuweni, atanyamula chikwama.

Mayi Keturah anayang'ana kuchipinda, kumene anali atayeza kale ndi mapazi malo a bedi la chipatala. Anatuluka pang'onopang'ono ngati munthu amene waiwala kanthu. Atuweni anawerenga. Khumi. Makumi awiri. Pofika pagalimoto anali pa makumi anayi ndi limodzi. Atacheuka, Hazel anali pakhomo akuwabayibitsa mosangalala.

"Sanatiitane," anatero mayi, galimoto italowa mumsewu waukulu.

"Kuno amaitana pa foni. Mwezi usanathe aimba."

"Iwe, ine ku Limbe ndinkasiya malaya. Malaya ukawasiya umakagona. Chimene sungagone usanagule, suchitembenukira msana."

"Mami, nayini sauzande. Adadi ananyamula makatoni angati kuti ipezeke? Tingomupatsa mzungu ngati mphatso ya Khirisimasi?"

Mpaka ku Derby mayi anangoyang'ana minda yolimidwa kumene.

Mawa lake masana, atachoka ku tchalitchi, anapita kukaona wodwala. Bambo Bennet anawapeza atakhala tsonga, mapilo atatu kumsana, tiyi wa m'mawa akadali m'kapu.

"Amake Atu, ndiuzeni. Pawindo la kuchipinda mumaona chiyani?"

"Munda, ndi akavalo awiri. Mmodzi wonenepa ngati msungichuma wa ku tchalitchi."

Bambowo anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Atapuma anati, "Ine chibadwire sindinatsekepo chitseko changachanga. Ku Ndirande lendi. Kuno lendi. Ngakhale bedi ili ndi la boma. Ndiye makiyi liti?"

Atuweni anafotokoza zonse, za chithunzi, za makatani, za kutha kwa mwezi. Nkhope ya bambo ake inawala monga inawalira tsiku limene iye analandira digiri.

"Mwamumva, amake Atu? Magazi anu awa. Finya, mwanawe, asatidyere masuku pamutu. Ine ndilipo, ndipita kuti ndi miyendo iyi?"

Mayi Keturah anali atakhala kumiyendo kwa bedi, akupaka mafuta mapazi a amuna awo. Anadinikiza chala pamwamba pa kakolo, n'kuchichotsa. Pamalopo panatsala dzenje, ndipo silinabwerere msanga. Analiyang'ana, kenako anafunditsa bulangeti.

Pakhonde, podikira lifiti, anati, "Mapazi aja sindikuwakonda."

"Dokotala wati palibe chasintha, mami."

"Dokotala amawaona mphindi zisanu."

Mayiwo anagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba zaka khumi ndi zinayi. Anthu amene anawatseka maso anasiya kale kuwawerenga. Ankadziwa tanthauzo la tiyi wosamwedwa ndi tulo ta masana. Koma kumene anakulira, munthu akupuma sumutchulira imfa, ndiye kumuitanira kumeneko. Choncho ananena za mapazi basi, ndipo mwana wawo wamasamu anamva za mapazi basi.

Sabata yoyamba Atuweni foni ankadya nayo, ankasamba nayo. Bambo Bennet anaitanitsa nsapato zawo zakuda, zopolishidwa, kuti zikhale pansi pa bedi.

"Munthu salowa m'nyumba yatsopano ndi masilipasi a m'chipatala," anauza nesi wa ku Zambia amene ankawasamalira, ndipo nesiyo tsiku lililonse ankazipukuta fumbi n'kuwafunsa kuti a landilodi adzuka bwanji.

Pa tsiku la khumi ndi limodzi Hazel anaimba, Atuweni ali ku ofesi. Anati walankhula ndi abwana ake, atha kufika pa 86,000. Atuweni anamva kukoma kuja kumene amamva nambala imodzi ikalowa pamalo pake n'kutsegula mzere wonse. Amene watsitsa kamodzi atsitsanso. Anathokoza, nati adikira. Mayi ake sanawauze, poti ankadziwa chimene anganene.

Bambo Bennet poyamba ankafunsa tsiku ndi tsiku, "Mzungu uja waimba?" Kenako anasiya. Ankangofunsa za akavalo, ngati amagona panja kukazizira. Nthawi zina ankagona funso lisanayankhidwe.

Lachisanu pa 26, mayi Keturah anamupeza Atuweni pamalo oimika magalimoto a chipatala. Anali atavala yunifomu, akuchokera ku shifiti.

"Muimbire. Mpatse zonse zimene akufuna."

"Kwatsala masiku asanu mwezi uthe, mami. Asanu okha. Tikaimba ife, taluza."

"Atuweni."

Dzina lonse ankalitchula kawirikawiri akafuna kukalipa, koma apa sanakalipe. Anayang'ana mawindo a chipatala, nakonza lamba wa chikwama paphewa.

"Chabwino. Iwe ndiwe wasukulu."

Bambo Bennet anamwalira Lolemba m'mawa, itangokwana teni koloko, nesi uja akutsegula makatani. Mayi Keturah anali pa basi. Atuweni anali pa msonkhano wa ku ntchito, foni ataiika patebulo chafufumimba, ndipo itanjenjemera anaitola msangamsanga, poganiza kuti ndi Hazel.

Katundu wa bambowo anabwera m'thumba la pulasitiki: Baibulo, magalasi, chaja ya foni, ndi nsapato zakuda.

Pofika Lachitatu nyumba ya ku Normanton inali itadzaza. Mipando anaitulutsa kuseri, azimayi anakhala pansi pabalaza atazungulira namfedwa. Ena anabwera ndi mayunifomu, ochokera ku Braunstone ndi ku Nottingham, kudzalira ola limodzi asanakalowe shifiti. Azibambo anadzazana kukhitchini, akukambirana za ndege yonyamula thupi. Osowa malo anakhala pamasitepe, munthu sitepe yake, mpaka kumwamba. Kwa nthawi yoyamba masitepewo anagwira ntchito yabwino.

Atuweni anakhala pa sitepe yachitatu. Mutu wake sunkadziwa kukhala chete, ndiye unkachita zimene unazolowera. Kuchokera pa 6 kufika pa 29 ndi masiku makumi awiri ndi atatu. Kuchotsapo khumi odikira makiyi, atsala khumi ndi atatu. Masiku khumi ndi atatu a akavalo pawindo. Anayesa kuwerenga mwina, kuti mwina achipatala akanachedwa ndi mapepala, mwina bedi silikanafika msanga. Ngakhale atachotsa sabata yathunthu, samafika pa ziro.

Cha m'ma thuu koloko, azimayi atangomaliza nyimbo, foni inalira. Anaona dzina. Akanatha kuidula, koma chala chinayankha chokha.

Hazel anali wansangala. Anati lero ndi pa 31, ndipo ali ndi uthenga wabwino: 81,000, komanso amumangira chokwerera cha njinga ya odwala pakhomo, chaulere. Anafunsanso kuti adadi akupeza bwanji.

Atuweni anati amuimbiranso. Koma asanadule, kwa kamphindi kochepa kwambiri, kukoma kuja kunabwera. Anakhoza. Tsiku lomwe ananena, pafupifupi nambala yomwe ananena. Kenako mutu unapitiriza wokha: eyiti sauzande yotsitsidwayo kugawa masiku khumi ndi atatu, mapaundi 615 patsiku. Anagwira pakamwa.

M'nyumba munali zii, moti Chingerezi cha Atuweni chinamveka mpaka pabalaza. Mayi Keturah anadzutsa mutu pamiyendo ya mzimayi amene anawatsamiritsa. Mawu awo anali atasasa ndi kulira.

"Ndani ameneyo?"

"Palibe, mami."

"Ndati ndani?"

"Hazel. Wa nyumba uja."

"Waitana?"

"Eya."

"Watsitsa zingati?"

Azimayi anayang'anana. Kukhitchini nkhani ya ndege inaima.

"Eyiti sauzande," anatero Atuweni. "Ndi chokwerera cha njinga, chaulere."

Mayi Keturah anagwedeza mutu pang'onopang'ono, monga ankachitira ku Limbe wogulitsa akagonja.

"Wamuthadi. Ine sindinatsitsepo chinthu chotere moyo wanga wonse."

Anayang'ana pakona, pafupi ndi chitseko, pamene wina anaika nsapato zakuda pakati pa nsapato za anthu obwera kumaliro. Kenako anayang'ana mwana wawo.

"Ndiye pachokwererapo akwerapo ndani?"