Mzere Wofiira wa Bambo a Kunyumba

Kwathu kuno nyanja ikasefukira n'kubwerera, aliyense amajambula mzere wofiira pakhoma, pomwe madzi analekezera. Kenako kumabwera mayi wa kukhonsolo ndi tepi yake yoyezera. Mzere ukapitirira windo, eni nyumba amapatsidwa malo kumtunda.

Ine mtima unali kale kumtundako. Ndine telala, ndipo madzi amchere anali atandidyera makina amodzi. Otsalawa ndinkachita kugona nawo pabedi ngati khanda. Koma bambo a kunyumba, omwe ntchito yawo ndi yopaka penti, nyimbo inali imodzi: "Pano sindichoka."

Chaka chino madzi anamiza mawindo. Ataphwa, bambowo anapaka khoma lonse kuyera mbee, n'kujambula mzere wawo wolekeza m'mawondo. Wowongoka bwino, poti ntchito amaidziwa. Ine ndinangopitiriza kusoka zanga, chifukwa anaiwala kanthu kamodzi: nyumba yathu ndi yolumikizana ndi ya aneba, khoma lakutsogolo ndi limodzi.

Mayi wa tepi uja atafika, anayang'ana mzere wa aneba uli pamwamba pa windo, kenako anaweramira wathu.

"Bambo, madziwa atafika panu anachita kugwada?"

"Amatipatsa ulemu," anatero amuna anga, osaphethira n'komwe.

Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Mayiwo anangopukusa mutu, n'kutilemba pagulu la osamuka.

Atachoka, ndinawapeza bambo ataima pakhomo la kuchipinda, akusisita felemu ya chitseko. Pafelemupo pali timizere ta pensulo tomwe ankalemba poyeza msinkhu wa mwana wathu wamkazi chaka ndi chaka. Timathera pa zaka zisanu ndi ziwiri, chaka chomwe tinamuika m'manda. Nyumba yonse anapaka penti, koma apo sanakhudzepo. Phwete lonse linandithera, ndipo ndinachita manyazi.

Tsiku losamuka ndinakabwereka hamala ndi chitsulo kwa kalipentala, n'kuyamba kuzula felemu ija.

"Mayi, mwayamba kugwetsa nyumba tsopano?" anafunsa bambo.

"Gwirani uko, musanditayitse nthawi. Mwana sitingamusiye m'madzi."

Anagwira. Makina anga anakwera ngolo pamodzi ndi mipando, koma felemu anaisenza okha paphewa mpaka kumtunda, ndipo aliyense wofuna kuwalandira ankamukaniza.