Tsamba la Overtone Lifika Pamwamba

Overtone ndiye ankakonza matanki oziziritsira mkaka m'magulu a alimi a ng'ombe, kuyambira ku Njuli mpaka ku Likoswe, ndipo foni yake sinkapuma. Bungwe lomwe ankagwirako ntchito lidapereka tabuleti ku gulu lililonse. Thanki ikavuta, munthu ankangolemba vuto lake, masamba a malangizo n'kundandalikana.

Koma aliyense akalemba kuti "thanki ikulira", pamwamba pankabwera tsamba lofunsa ngati magetsi alipo. Anthu ankalitsegula, n'kuyang'ana babu ikuwala bwinobwino, kenako n'kuimbira Overtone.

Atatopa ndi fumbi la m'misewu, adalemba tsamba lakelake: zimitsani thanki, tsukani sefa yakumbuyo ndi madzi, yatsaninso. Tsambalo lidakagwera pansi penipeni, komwe chala sichifika.

Adaimbira Ibrahim, wa makompyuta ku ofesi yaikulu ku Limbe.

"Achimwene, pulogalamuyi imakweza tsamba lomwe anthu amalitsegula kwambiri," adatero Ibrahim.

"Komatu amalitsegula chifukwa lili pamwamba!"

"Eya. N'chifukwa chake lili pamwamba."

Overtone sadafune kulimbana ndi makina. Adapita kwa mayi Eneless, wapampando wa gulu la ku Likoswe, nawapempha kuti podikira alimi m'mawa azingotsegula tsamba lake ndi kulitseka. Mayiwo adaigwira ntchitoyo ngati akupalira chimanga. Mlimi aliyense wobwera ndi chigubu ankayamba wadina kaye asanathire mkaka. Magulu ena atamva, nawonso adayamba.

Mvula isanagwe, tsamba lija lidafika pamwamba. Foni ya Overtone idati zii, mpaka mkazi wake adafunsa ngati ntchito yatha.

Kenako bungwe lidabweretsa matanki atsopano. Amenewa sefa yake idagundizana ndi mawaya, yosafuna madzi ngakhale dontho. Overtone adalemba chenjezo tsiku lomwelo, ndipo chenjezolo, poti linali lachilendo, lidakakhala pansi.

Loweruka lina mayi Eneless adaimba, mawu ali monyadira.

"Bambo Overtone, tachita zonse monga munalembera. Tatsuka mpaka ndi sopo. Koma thanki yangoti phu, utsi tolo."

"Nanga mkaka?"

"Chambiko chokhachokha. Tatumiza pa kabaza ku Njuli, mwina chikagulidwa."

Overtone adaimbiranso Ibrahim kuti tsamba lakalelo lichotsedwe msanga, matanki ena asanapse.

"Tichotse?" adadabwa Ibrahim. "Dzulo lomweli abwana amakutamandani pamsonkhano. Chiyambire, palibe tsamba lomwe alimi alikonda ngati limeneli. Kulichotsa mpaka komiti ikhale pansi. Ndipo akuti mupite ku Thyolo mukaphunzitse anzanu kalembedwe kake."

Overtone adayang'ana thumba lake la masipanala.

"Achimwene, mulipo?"

"Ndilipo," adayankha motsitsa. "Ku Thyoloko matanki atsopano afika kale?"

"Afika sabata yatha."