Chikuku cha Akimu

Ine ndine Habiba, wa kwa Kawinga. Mwana wanga Akimu sayenda, sakhalanso tsonga popanda chomugwira msana. Koma mutu ulipo. Amadziwa mayina a ana onse odutsa pakhomo pathu popita kusukulu, ndipo amawaitana mmodzimmodzi, iwo n'kumangothamanga.

Bambo ake anapita ku Joni ataona kuti mwana sakukwawa, kenako foni yawo inasiya kugwira. Anzanga amene ndinkagulitsa nawo zitumbuwa pamsika wa Ntaja ankabwera kudzationa, koma anatopa. Sindiwada. Tinatsala awiriwiri, ine ndi iye.

Aphunzitsi aakulu anandiuza mosabisa. "Mayi, m'kalasi ana amakhala pansi, ndiponso ndi ochuluka. Akapeza chikuku chomugwira msana mubwere naye, malo alipo."

Chikukucho akuti sungangochitenga ngati ndowa ya pamsika. Mwana ayambe wapimidwa ndi adokotala odziwa za ulumali, amene amafika mwa apo ndi apo pachipatala china cha mbali ya ku Balaka. Ndiye ulendo unayambika. Kabaza, minibasi, kuoloka Shire, kukafika n'kumva kuti sabwera, galimoto ilibe mafuta. Ulendo wina akuti ali kumsonkhano. Mvula inagwa, tinakolola, inagwanso. Pabenchi paja ndinkakhala ndi amayi ena obereka ana ngati wanga, koma aliyense maso kuchitseko, kuopa kulumphidwa. Ndinkasungulumwa pakati pa anthu kuposa kunyumba.

Tsiku lina anabweradi, bambo waulemu wake, a Blasius. Anamugoneka Akimu pamphasa, namuyeza ndi tepi m'chiuno, ntchafu ndi msana.

"Adokotala, muonjezereko pang'ono," ndinatero ine. "Akuliramo."

Anaseka. "Iyayi mayi, si malaya awa. Chikuku chimayenera kumugwira thupi ndendende, apo ayi msana upindika. Musadandaule, sichichedwa."

Ine kupusa kwanga ndinakhulupirira. Pobwerera ndinatsikira kwa telala pa Ntaja kukasoketsa yunifolomu. Telala yekha ndiye anandimvera: kabudula anapitirira mawondo, malaya ngati thumba la feteleza. Akimu anakana kuivula mpaka dzuwa kulowa. Kenako ndinaipachika pamsomali.

Sukulu ikamatsegulira ankafunsa, "Amayi, chabwera?" Ine n'kumati mawa. Mano ake a mkaka anaguluka, ena anamera. Pomubereka, chitenje chimodzi chinaleka kukwana, ndinayamba kumanga ziwiri. Mapazi ake, amene ankandigunda m'chiuno, anatsikira kuseri kwa mawondo anga. Ndinkaona zonsezo ndipo ndinkachita mantha. Ndi mayi wanji amene amaopa mwana wake akamakula? Ndine amene.

Uthenga utafika kudzera kwa alangizi a zaumoyo kuti chikuku chabwera, Akimu anaumirira kuvala yunifolomu ija. Ndinaikuntha fumbi n'kumuveka. Inamukwana ngati asoka dzulo, mabatani kumangika bwinobwino. Mtima wanga unagwera pomwepo.

A Blasius anali atasamuka. M'malo mwawo munali mayi wachitsikana, a Lena. Anatulutsa chikuku chobiriwira, matayala ake asanapondepo dothi. Akimu anaomba m'manja mmene amaomberamo, dzanja limodzi kuphonya linzake.

Tinamukweza awiri. M'chiuno sanalowe. Tinamupendeketsa, tinakankha pang'ono, chitsulo cha m'mbali n'kumudinda ntchafu. Mawondo anatulukira kutsogolo, mapazi kupitirira popondera.

"Ndakwana, amayi," anatero Akimu, ataluma mlomo. "Sizikuwawa."

Misozi inali ikutsika mpaka pakolala.

A Lena anagwada pafupi naye, kenako anandiyang'ana. "Pepani mayi, wakula. Tikamusiya momwemu atuluka zilonda. Afunika apimidwenso, timupangire china."

"Liti?"

"Tidzakuuzani."

Ndinalankhula, sindinama. Ndinawafunsa ngati mwana ndi chitsa choti chimadikira pamene unachisiya. Ndinawauza za malaya ndi za telala wa pa Ntaja amene anawaposa nzeru. A Lena anangowerama, poti sanayeze ndi iwo, sanachedwetsenso ndi iwo. Wokalipira weniweni sindinamuonepo nkhope. Amayi a pabenchi anayang'ana kumbali, kupatula mmodzi wa kamwana kakang'ono, amene maso ake anali pachikuku chija. Sindinamude nayenso.

Ndinamanga zitenje zanga ziwiri, ndinamubereka Akimu. Tinakwera minibasi. Titatsika pa Ntaja ana anali akuweruka, ovala ngati iye, ndipo sanaitane ndi mmodzi yemwe. Ndinamugulira chitumbuwa chotentha, chimene amachikonda kuposa chilichonse, n'kumupatsira chapaphewa.

Sanalandire.

"Tenga, bambo, sunadye chichokere m'mawa."

"Idyani inuyo, amayi," anatero kukhutu kwanga. "Ine ndingakulenso."